Tsiku limene kapepala kanasanduka buluu

Botolo lija likadali pa shelefu, kuseri kwa mafuta odzola. Dzulo ndinalitsegula n'kuwerenga timapepala toyezera mkodzo totsala, ndinapeza 31. Deti yake inadutsa kalekale, koma ndikati ndiliponye mu bini dzanja limabwerera lokha.

Ndine ndinaligula botololi. Ndiyambire pamenepo, chifukwa azakhali akamafotokozera anthu nkhaniyi mbali imeneyi amaidumpha, safuna kuti mwana wa mlongo wawo aoneke wolakwa. Koma ndine ndinabwera nalo m'nyumba, n'kuwaphunzitsanso kagwiritsidwe kake.

## Mayi wa mu saluni

Ndimaluka tsitsi ku Rosettenville. Amene munalukitsapo mukudziwa kuti munthu akakhala pampando paja ndi wako kwa maola asanu, ndipo iwenso ndiwe wake. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa kwathu konkuno, wooneka bwino, khungu losalala, chikwama chachikulu pamiyendo. Tisanafike ngakhale pakati pa mutu anali atandiuza kale kuti matenda onse amene akutimaliza ku Joni kuno gwero lake ndi limodzi.

"Ndi asidi, achemwali. BP, shuga, nyamakazi, khansa, zonsezi ndi asidi m'thupi. Nkhuku za m'mafiriji zimene tikudyazi, buledi, zakumwa za m'mabotolo. Thupi likakhala alkaline matenda sakhalamo."

Anatulutsa kabotolo ka timapepala tating'ono, kali ndi tchati cha mitundu pambali chosonyeza pH, nambala yonena ngati mkodzo uli wa asidi kapena wa alkaline, kutanthauza zotsutsana ndi asidi. Umanyowetsa kapepala ndi mkodzo wa m'mawa, n'kuyerekeza ndi tchaticho. Kakakhala ka olenji, pa 5, ndiye kuti uli pangozi. Kachikasu, pa 6, ukudwala koma sukudziwa. Kobiriwira, pa 7, wayamba kuchira. Kakafika ku buluu, pa 8, thupi layera. Ananenanso za dokotala wa ku Germany amene analandira mphoto ya Nobel atatulukira kuti khansa singamere m'thupi la alkaline. Anali ndi chitini cha ufa wosungunula m'madzi, cha R450. Poona kuti ndikuzengereza anati amene alibe ndalama akhoza kuyamba ndi soda wa kukhitchini, supuni yaing'ono m'kapu ya madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo.

Ndinaganiza za azakhali nthawi yomweyo. Iwo ndi amene ananditengera kuno, anandilipirira basi, ndipo mpaka lero timagona chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ali ndi zaka 54, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, amadzuka 4 koloko kuti akwere ma taxi awiri. Anali ndi BP kuyambira kale, mankhwala amamwa mwa apo ndi apo, malinga ndi mwezi umene akwanitsa kukatenga. Ndinaona ngati ndawapezera chipatala cha m'nyumba. Ufa uja sindinagule. Ndinagula timapepala.

## Miyezi itatu ya kapu ndi kabuku

Azakhali ndi munthu woti akagwira chinthu amachigwira ndi manja awiri. Anapatula kapu yapulasitiki yobiriwira, anagula kabuku kolembamo, ndipo m'mawa uliwonse asanasambe ankalemba deti ndi nambala. Sabata yoyamba zinali 5.5, 6, 5.5. Nkhope inkagwa. Anasiya nyama, kenako usipa umene wina anatibweretsera kuchokera kumudzi anaupereka kwa aneba. Anayamba madzi a mandimu, kenako soda uja. Nambala inakwera kufika 6.5, masiku ena 7, ndipo ankandionetsa kabukuko ngati mwana wakhoza mayeso.

Mapilitsi a BP anawasiyiratu. Ndinadziwa. Sindinanene kanthu, chifukwa inenso ndinkakhulupirira kuti tagwira muzu wa matenda, masamba afota okha.

Chakumapeto kwa June anayamba kudandaula kuti pokodza pakuwotcha. Usiku ankadzuka kanayi, kasanu, koma kungotuluka timadontho. Chimbudzi chathu chili panja, ndipo m'nyengo yozizira ya kuno palibe amene amatuluka usiku, timagwiritsa ntchito ndowa. Ndinayamba kumva fungo la ndowayo ndili m'bulangete, fungo lobaya m'mphuno ngati la m'zimbudzi za pa depoti. Ndinalembera mayi uja pa WhatsApp. Anayankha msanga: "Ndi poizoni akutuluka, musaope. Awonjezere soda."

Lachinayi azakhali anabwera kuntchito atagwira m'chiuno, mbali imodzi, kumunsi kwa nthiti chakumsana. Ndinati, "Zakhali, bwanji tipite ku kiliniki mawa?" Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. Nonse mukudziwa zimene zinali m'kuseka kumeneko. Kujomba tsiku ndi kutaya malipiro a tsikulo. Kukaima pamzere kuyambira mdima. Kenako pageti pangakhale anthu ofunsa ma ID, ndipo pasipoti ya azakhali masiku anali atatha. "Iwe, ndikhala bwino," anatero. "Kapepala kakuti ndili bwino."

## Loweruka m'mawa

Ndinadzutsidwa ndi mawu awo. "Mwana wanga, tadzuka uone."

Anakhala m'mphepete mwa bedi atafunda mabulangete awiri, chipewa cha ubweya kumutu. Kapepala anakagwira m'mwamba ndi zala ziwiri, kakunjenjemera chifukwa dzanja lonse linkanjenjemera. Mano ankagundana, ndinkachita kuwamva. Milomo inali itauma, yotuwa. Koma maso anali owala ndi chimwemwe. Kapepalako kanali kabuluu, buluu weniweni wa kumapeto kwa tchati, umene sitinauonepo miyezi yonse itatu.

"Ndafika pa 8," anatero. "Thupi layera."

Mkodzo m'kapu muja unali wambuu ngati madzi otsukira mpunga. Ndinauona. Fungo ndinalimva. Ndinagwira chipumi chawo, chinali moto. Zonsezi zinali pamaso panga, koma ndinayang'ana kapepala n'kunena kuti, "Mwachita bwino, zakhali." Ndinawaphikira tiyi, ndinawafunditsa bulangete lachitatu, ndipo ndinapita kuntchito, poti Loweruka ndiye tsiku la ndalama mu saluni.

Cha m'ma 12 koloko aneba anaimba foni. Azakhali asanza, akulephera kuima, ndipo akuitana dzina la mayi awo amene anamwalira kalekale. Ndinasiya mutu wa munthu uli theka.

Kuchipatala sanatifunse zambiri, anawaona mmene analili n'kuwalowetsa. Nesi anapempha mkodzo, ndipo ndinadabwa kuona akutulutsa kapepala kofanana ndi kathu, kungoti kake kanali kotalika, kokhala ndi timabokosi khumi pomwe kathu kanali ndi kamodzi. Anakaviika, n'kukagoneka pa kathireyi, n'kuyang'ana wotchi. Timabokosi tinayamba kusintha: kena pinki, kena pepo, kena kobiriwira kwambiri. Ine, pofuna kuthandiza, ndinati, "Sister, pH yawo ili bwino, m'mawa inali pa 8."

Anatembenuka n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti akhala akumwa chiyani, ndipo nditatchula soda anatseka maso pang'ono n'kupita kukaitana dokotala.

Dokotalayo, mtsikana wamng'ono ndithu, ndi amene anandikhazika pansi azakhali ali pa diripi. Anati kabokosi ka pinki kakusonyeza mabakiteriya, ka pepo kakusonyeza maselo oyera a magazi amene akulimbana nawo, kobiriwira kakusonyeza magazi mumkodzo. Matenda anayambira m'chikhodzodzo, pamene pankawotcha paja, ndipo chifukwa chochedwa anakwera kufika ku impso. Kenako ananena chimene chimandidzutsabe usiku. Pali mabakiteriya ena amene amaphwanya urea, zinyalala zimene impso zimataya mumkodzo, n'kuisandutsa amoniya. Amoniyayo ndiye fungo lobaya lija, ndipo ndi amene amakankhira pH ya mkodzo m'mwamba kufika 8 kapena 9. Buluu amene tinkamusangalalira uja, mbali ina anali soda, mbali ina anali matendawo.

Patapita masiku awiri zotsatira za ku labu zinatchula dzina la kachilomboko, Proteus. Azakhali anagona m'chipatala masiku anayi. BP yawo tsiku loyamba lija sanaidandaule, koma thupi litayamba kubwerera inakwera moti anawasunga tsiku lina lowonjezera.

## Mkodzo ndi madzi otaya

Ndinakhala masiku anayi aja pa benchi ndi foni m'manja, kuwerenga, ndi kufunsa nesi aliyense amene anali ndi mphindi. Chimene ndinamvetsa n'chosavuta moti chimapweteka.

Sikelo ya pH imayambira pa 0 kufika 14. Pakati, pa 7, ndi madzi abwinobwino. Kutsika ndi asidi, kukwera ndi alkaline. Magazi a munthu amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, kampata kakang'ono choncho, ndipo thupi limakalondera usana ndi usiku. Mapapo amatulutsa mpweya woipa umene ukanachulukitsa asidi, impso nazo zimasefa. Pa tsiku impso zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180, zigubu 9 za malita 20, n'kubwezera pafupifupi onse m'thupi, kutaya lita imodzi kapena awiri okha. M'malita otayawo ndi mmene zimaponyeramo asidi wotsala, kapena soda wotsala.

Ndiye mkodzo wa munthu wabwinobwino umasinthasintha, kuyambira 4.5 mpaka 8, ndipo nthawi zambiri umakhala cha pa 6. Wa m'mawa umakhala wa asidi kwambiri kuposa wa masana utatha kudya. Ukadya nyama, nsomba kapena mazira umatsika. Ukadya masamba ndi zipatso umakwera. Ngakhale kungousiya m'kapu kwa maola angapo umakwera wokha. Ma 5.5 ndi ma 6 amene anagwetsa nkhope ya azakhali sabata yoyamba ija anali umboni woti impso zawo zikugwira ntchito, zikutaya zoyenera kutayidwa. Tinkayang'ana madzi amene atayidwa kuseri kwa nyumba n'kumaweruza ukhondo wa m'nyumba, osadziwa kuti madzi akuda panja amatanthauza kuti m'katimo mwakolopedwa.

Magazi akafika posanduka asidi zenizeni, monga zimachitikira wodwala shuga wosalandira mankhwala kapena amene impso zafooka kwambiri, munthuyo sakhala akukwera taxi kupita ku Randburg. Amakhala akupuma mozama ndi mofulumira, ali pabedi la chipatala, ndipo amamuyeza magazi, osati mkodzo.

Dokotala wa ku Germany uja analikodi. Dzina lake Otto Warburg, analandira Nobel mu 1931 chifukwa cha kafukufuku wa mmene maselo amagwiritsira ntchito mpweya. Anaonanso kuti maselo a khansa amadya shuga mwa njira yotulutsa asidi. Asidiyo amapangidwa ndi chotupacho. Kuti munthu akamwa madzi a soda chotupa chifota, zimenezo anawonjezera ndi ogulitsa. Bodza lokhala ndi dzina lenileni m'kati limavuta kulikana, makamaka ukaliuzidwa ndi munthu wolankhula chilankhulo chako, kutali ndi kwanu.

## Soda timamudziwa

Chimene chinandipusitsa kwambiri n'choti soda si mlendo kwa ife. Tinakula tikuona agogo akusefa madzi m'phulusa kupanga chidulo, n'kuthira mu therere kapena mu nkhwani kuti zifewe. Chidulo ndi alkaline weniweni, tinali naye kale mawuwo asanatifike. Ndiye munthu akati imwani soda, mtima sugunda. Ndi wa m'khitchini, amavulaza ndani?

Koma kutsina pang'ono mu mphika wa banja lonse ndi kwina, supuni m'kapu kawiri pa tsiku kwa miyezi ndi kwina. Soda ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chili mu mchere chimene odwala BP amauzidwa kuti achepetse. Supuni yaing'ono imodzi ili ndi sodium woposa theka la mlingo umene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu asapyole pa tsiku, womwe ndi magalamu awiri. Azakhali ankamwa masupuni awiri, kuwonjezera pa mchere wa m'ndiwo, mapilitsi atasiya. Ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti impso zija zinangofulumira kutichenjeza, sitiroko inali m'njira.

Masamba ndi zipatso zimene anayamba kudya zinali zabwino, ndipo dokotala anati apitirize. Kuchepetsa zakumwa zotsekemera kunali kwabwino. Ndi chifukwa chake anthu ambiri amene amayamba zimenezi amamvadi bwino masabata oyamba, n'kuyamika kapepala, pomwe chawathandiza ndi mpiru ndi madzi akumwa.

## Kapepala kali ndi ntchito yake

Sindikufuna kunamizira timapepalati kuti n'topanda pake. Mwamuna wa mnzanga wa mu saluni amakhoma madenga, tsiku lonse padzuwa, madzi osamwa. Anadwala timiyala ta mu impso, mtundu umene umapangika mkodzo ukakhala wa asidi kwambiri, pansi pa 5.5. Dokotala anamupatsa mankhwala okweza pH ya mkodzo, n'kumuuza kuti aziyeza kunyumba ndipo nambala isapyole malire amene anamulembera, chifukwa ikakwera kwambiri pamayamba timiyala ta mtundu wina. Iye kapepala kamamuthandiza. Kusiyana kwake n'koti matenda anapezeka kaye, funso linadziwika, kapepala kakungoyankha funso limodzi lomwelo. Ife tinkakafunsa funso limene sikangayankhe: kodi ndili bwino?

Ndipo musatenge nkhani ya azakhali n'kuganiza kuti nambala ikakhala pa 6 ndiye kuti mulibe matenda a m'chikhodzodzo. Kachilombo kamene kamayambitsa matendawa kawirikawiri, E. coli, nthawi zambiri sikakweza pH. Mukhoza kuwotchedwa pokodza kapepala kali kachikasu bwinobwino.

Thupi la azakhali linkalankhula momveka kwa masiku khumi. Kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi, mkodzo wambuu wonunkha, kenako kupweteka kumsana mbali imodzi, kutentha thupi ndi kunjenjemera. Zitatu zomalizazi zikabwera, ndi za chipatala tsiku lomwelo. Agogo athu, amene sanaonepo tchati cha mitundu, akanawanyamula Lachinayi lija. Iwo ankadziwa kuti mwana wa kunyanja akakodza magazi kumapeto ndi likodzo, ndipo nyerere zikamaunjikana pamene munthu wakodza, munthuyo ali ndi ludzu losatha ndipo akuwonda, ndi shuga. Ankayang'ana munthu. Ine ndinali ndi munthu patsogolo panga, akunjenjemera m'mabulangete awiri, ndipo ndinayang'ana kapepala.

## Za pageti paja

Ndakwiyira mayi wa mu saluni uja kwa miyezi, koma ndikaganiza bwino, iye anangopeza khomo lotsegula kale. Chimene chimagulitsa timapepalati pakati pathu ndi mantha a pageti la kiliniki. Munthu amene akuopa kufunsidwa mapepala, amene bwana wake amadula malipiro akajomba, amene anatukwanidwapo pamzere chifukwa cha kalankhulidwe kake, ukamuuza kuti akhoza kudziyeza yekha m'chipinda chake ndi kudzichiza ndi za m'khitchini, wamupatsa chimene mtima wake umafuna kumva. Mantha amenewo si ongopeka, ndawaona ndi maso anga, ndipo sindinyoza aliyense amene ali nawo.

Komabe pali chimene ndikanakonda ndikanadziwa Lachinayi lija. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, gawo 27, amati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene ayenera kukanizidwa chithandizo chadzidzidzi. Mawu ake ndi akuti aliyense, sanalembe kuti nzika zokha. Zimene zimachitika pageti nthawi zina zimasiyana ndi zolembedwazo, inde. Koma matenda a m'chikhodzodzo akagwidwa msanga amatha ndi mapilitsi a masiku ochepa, ndipo ngakhale kukanakhala kolipira dokotala wapadera, tikanasonkherana pa gulu lathu la kumudzi monga timachitira pa maliro. Timafulumira kusonkha ndalama zotumizira bokosi kwathu. Za kuchipatala munthu akadali moyo timachita manyazi kupempha.

Mayi uja anabweranso mu saluni mu September. Ndinamuuza zonse, modekha mmene ndikanathera. Anati azakhali ayenera kuti sanatsatire bwino malangizo. Ndinamuluka tsitsi mpaka kumaliza, chifukwa ndi ntchito, koma ndinamupempha kuti chikwama chake asatsegule muno.

## Kabuku kaja

Azakhali anabwerera kuntchito patatha milungu itatu. Mapilitsi a BP amamwa tsiku lililonse tsopano, ndipo tsiku lokatenga ena ndimawaperekeza, timanyamuka limodzi mdima. Kabuku kaja sanakataye. Anang'amba masamba a kutsogolo, ndipo m'masamba otsalawo amalemba manambala a BP amene nesi amawauza, ndi deti yobwereranso.

Lamlungu lapitali anaphika therere. Ndinawaona atatenga paketi ya soda, n'kuima nayo kanthawi pamwamba pa mphika. Kenako anatsina pang'ono ndi zala ziwiri, monga ankachitira amayi awo, n'kuwaza. Therere linachita thovu n'kusanduka lobiriwira kwambiri.

"Iwe, bweretsa mbale," anatero. "Nsima ikuzizira."